Chang'an pa Kompyuta: Mzinda Womangidwanso Wopanda Kanyenyezi

M'chaka cha 904, mkulu wa asilikali dzina lake Zhu Wen anakakamiza mfumu ya Tang kusamuka ku Chang'an kupita ku Luoyang. Sanasamutse anthu okha ayi. Anyamata ake anaphwasula nyumba zachifumu, maofesi a boma ndi nyumba za anthu wamba, nazula mizati ndi mitanda, n'kuiyandamitsa pa mtsinje wa Wei kuti ikamangire kwina. Mzinda umene unakhala likulu kwa zaka zoposa 300, umene akatswiri ambiri amati pachimake pake unali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, unasanduka mabwinja. Patangopita zaka zitatu, mu 907, ufumu wa Tang nawo unatha.

Koma lero mukatsegula foni n'kulemba dzina la Chang'an, mupeza mavidiyo amene amakuulutsani pamwamba pa mzindawu ngati kabawi. Madenga akuwala, mizati yofiira ili ndandanda, misewu yowongoka ngati yoyezedwa ndi chingwe. Munthu umangoti eee, kani zinali chonchi! Ndiye funso limene ndikufuna tiunikire limodzi ndi ili: poti matabwa onse aja anapita ndi madzi, zimene tikuonazi zachokera kuti? Ndi mbali iti imene ili umboni, ndipo ndi iti imene ili maganizo a wojambula? Inu amene mumaphunzira mbiri ya zilankhulo muona kuti funsoli si lachilendo.

Dzina ndi malo

Dzina loti Chang'an limatanthauza mtendere wokhalitsa. Linayamba ndi likulu la ufumu wa Han, limene linali chakumpoto cha kumadzulo kwa mzinda tikukambawu. Pofika m'zaka za m'ma 500, likulu lakalelo linali litaguga ndipo madzi a m'zitsime zake anali atayamba kuwawa. Choncho mu 582 Mfumu Wen ya ufumu wa Sui inalamula kuti pamangidwe mzinda watsopano pamalo apafupi. Ntchito yokonza pulani inapatsidwa kwa Yuwen Kai, ndipo chaka chotsatira mfumu inalowamo. Mzindawu anautcha Daxing. A Tang atalanda ufumu mu 618 anasunga mzinda womwewo koma anabwezeretsa dzina lakale lija.

Alendo anali ndi dzina lawolawo. Amalonda achi Sogdia, ochokera kumadera a Samarkand ndi Bukhara, ankautcha Khumdan, ndipo dzinali limapezekanso m'zolembedwa za Chisiriya. Dzina la lero loti Xi'an, kutanthauza mtendere wa kumadzulo, linabwera mu 1369 m'nthawi ya Ming. Linga limene alendo amakwerapo njinga masiku ano ku Xi'an ndi la a Ming, si la a Tang, ndipo limazungulira malo ochepa kwambiri poyerekeza ndi mzinda wakalewo. Mbali yaikulu ya Chang'an wa Tang ili pansi pa misewu, masitolo ndi nyumba zosanja za Xi'an.

Mzinda wa mipanda

Linga lakunja linali lotalika pafupifupi makilomita 9.7 kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, ndi makilomita 8.6 kuchokera kumpoto kupita kummwera. Kumpoto kwenikweni kunali nyumba ya mfumu, kummwera kwake kunali chigawo cha maofesi a boma, ndipo malo otsalawo anagawidwa ndi misewu 11 yolowera kummwera ndi 14 yopingasa. Mukayang'ana pamwamba, zigawozo zimaoneka ngati maenje a bawo, mizeremizere.

Msewu waukulu wa Zhuque unkadula mzinda pakati, kuchokera pa chipata cha Mingde kummwera mpaka pa chipata cholowera ku maofesi a boma, mtunda wa makilomita ngati 5. M'lifupi mwake munali mamita pafupifupi 150. Taganizani: kuti muwoloke msewu umenewu munkayenda mtunda wa bwalo la mpira limodzi ndi theka m'litali.

Zigawo zokhalamo anthu zinkatchedwa fang, ndipo kawirikawiri amati zinalipo 108, ngakhale chiwerengerochi chinkasinthako m'kupita kwa nthawi. Fang aliyense anali ndi mpanda wake wadothi ndi zipata zake. Madzulo ng'oma zikalira m'misewu, zipata zinkatsekedwa, ndipo lamulo la Tang linkati wopezeka m'msewu waukulu usiku popanda chifukwa chomveka akwapulidwe zikoti 20. Ndi akuluakulu a maudindo apamwamba okha, pamodzi ndi ena ochepa ololedwa mwapadera, amene ankatha kuboola khomo loyang'ana kumsewu waukulu. Malonda aakulu ankachitikira m'misika iwiri, wa Kum'mawa ndi wa Kumadzulo, uliwonse wotenga malo a fang awiri. Msika unkatsegulidwa masana dzuwa lili paliwombo ng'oma italira ka 300, n'kutsekedwa dzuwa lisanalowe.

Pali kankhani kamene otsogolera alendo amakonda kukamba. M'Chitchaina cha lero mawu oti dongxi, amene zilembo zake ndi "kum'mawa" ndi "kumadzulo", amatanthauza chinthu kapena katundu. Ndiye amati mawuwa anachokera ku misika iwiri ija. Nkhaniyi imakoma m'khutu, koma akatswiri a mbiri ya mawu sagwirizana nayo onse, ndipo pali mafotokozedwe ena opikisana nayo. Muisunge m'maganizo, chifukwa vuto lake ndi lomwelo la zithunzi za pakompyuta: chinthu chikakoma, timafulumira kuchikhulupirira.

Umboni uli pati?

Nyumba za Chang'an zinamangidwa makamaka ndi matabwa ndi dothi lotsendereza, mofanana ndi mamangidwe a mdindo amene timawadziwa kwathu kuno, kungoti makoma awo anali ochindikala mamita angapo. Matabwa amapsa, amawola, amazulidwa. Zazikulu zimene zaimabe mpaka lero mkati mwa mzinda wakalewo ndi nsanja ziwiri za njerwa: Dayan, imene inayamba kumangidwa mu 652 kuti isunge mabuku amene mmonke Xuanzang anabweretsa kuchokera ku India, ndi Xiaoyan ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 700. Ndiye womanganso mzindawu amadalira magwero anayi.

Gwero loyamba ndi nthaka. Kuyambira mu 1957, akatswiri ofukula zakale a ku China anayeza malinga, zipata, misewu ndi misika. Dothi lotsenderezedwa ndi anthu limasiyana ndi dothi wamba, moti pobowola pansi ndi chitsulo amatha kutsata khoma ngakhale pamwamba palibe chooneka. Pofukula chipata cha Mingde kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anapeza kuti chinali ndi makomo asanu. Ku msika wa Kumadzulo anapeza mikwasa ya magudumu a ngolo ndi ngalande. Mu 1970 ku Hejiacun, mkati mwa mzinda wakale, kunapezeka mitsuko yokwiriridwa yokhala ndi zinthu zoposa 1,000, kuphatikizapo ziwiya zagolide ndi zasiliva ndi ndalama za ku Persia ndi ku Japan. Nthaka imatiuza utali, m'lifupi ndi pamene panali mizati. Siitiuza kuti denga linali lotani.

Gwero lachiwiri ndi mabuku. Wei Shu analemba za malikulu awiri a Tang mu 722, mzinda ukadali wamoyo, koma gawo lochepa chabe la buku lakelo ndi limene linapulumuka. Song Minqiu analemba Chang'an zhi m'zaka za m'ma 1070, ndipo Xu Song anasonkhanitsa zonse zodziwika za fang aliyense kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Mabukuwa amatiuza kuti m'fang wakutiwakuti munali kachisi uyu ndi nyumba ya nduna iyi. Koma onani zaka zake: awiri omalizawa ankalemba mzinda utagwa kale, ndipo onse ankasamala za mafumu, nduna ndi akachisi. Wophika zitumbuwa ndi wotunga madzi sankalembedwa.

Gwero lachitatu ndi mapu amene Lü Dafang anazokotetsa pamwala mu 1080. Mwalawo unasweka, ndipo zatsala ndi zidutswa pamodzi ndi mapepala amene anthu anadindapo kale.

Gwero lachinayi ndi kufanizira. Ku Shanxi kuli nyumba zamatabwa zochepa za nthawi ya Tang, monga holo ya kachisi wa Nanchan ya mu 782 ndi holo ya kachisi wa Foguang ya mu 857, imene Liang Sicheng ndi Lin Huiyin anaizindikira mu 1937. M'mapanga a ku Dunhuang muli zojambula za pakhoma zoonetsa nyumba zachifumu ndi akachisi. Ku Japan, mizinda ya Nara mu 710 ndi Kyoto mu 794 inamangidwa motengera pulani ya Chang'an, ndipo akachisi ena a ku Nara a nthawi imeneyo alipobe. Denga lililonse limene mumaona m'vidiyo ya Chang'an labwerekedwa kumalo amenewa. Koma kachisi wa kumapiri si nyumba ya mfumu, ndipo zojambula zambiri za ku Dunhuang zimaonetsa paradiso wa Abuda, osati msewu weniweni.

Mkangano wa holo imodzi

Chitsanzo chabwino ndi holo ya Hanyuan ya ku nyumba yachifumu ya Daming. Nyumbayi inayamba kumangidwa mu 634, ntchito inaima, n'kuyambiranso mu 662, ndipo Mfumu Gaozong inalowamo mu 663. Malo ake onse anali aakulu kuposa katatu nyumba yachifumu ya ku Beijing imene ambiri timaiona pa TV. Holo ya Hanyuan ndi imene mfumu inkalandiriramo nduna ndi akazembe pa miyambo ikuluikulu monga ya chaka chatsopano. Inali pachitunda chokwera mamita oposa 10, ndi nsanja ziwiri kutsogolo kwake, ina kumanja ina kumanzere.

Malowa atafukulidwa mu 1959 ndi 1960, akatswiri awiri a mbiri ya zomangamanga, Fu Xinian ndi Yang Hongxun, anajambula mmene holoyo inkaonekera. Ankayang'ana maziko amodzimodzi, koma zojambula zawo zinasiyana: wina anaika denga la msinkhu umodzi, wina denga losanjikiza pawiri. Panalinso nkhani ya njira yokwerera, imene mabuku amaitcha njira ya mchira wa chinjoka. Zojambula zoyamba zinaonetsa njira zitatu zotsetsereka kutsogolo kwenikweni kwa holo. Koma atafukulanso mu 1995 ndi 1996, ofukulawo ananena kuti njirazo zinkakwera m'mbali, mokhotakhota pafupi ndi nsanja ziwiri zija.

Kodi zili ndi kanthu? Eya zili nako. Ngati kazembe ankakwera molunjika, ankaona mfumu patsogolo pake njira yonse. Ngati ankakwera chammbali, holo inkabisika n'kuonekeranso, ndipo mwambo wonse unkamveka mosiyana m'thupi mwa munthu. Mmene njira inakhalira ndi mbali ya mmene ufumu unkadzionetsera kwa anthu ake ndi kwa alendo. M'buku, katswiri amatha kulemba kuti "mwina" kapena "ena amati". Wojambula pakompyuta alibe mwayi umenewu. Ayenera kusankha denga limodzi ndi njira imodzi, ndipo woonera sadziwa n'komwe kuti panali kusankha.

Zimene kompyuta yathandiza

Tisanyoze ntchitoyi, chifukwa phindu lake lilipo. Heng Chye Kiang wa ku National University of Singapore anagwira ntchito yomanganso Chang'an pakompyuta ndipo anatulutsa buku lake mu 2006. Ubwino wa ntchito yotere ndi woti imakukakamiza kuyankha mafunso amene cholembera chimawalumpha. Fang mmodzi angakwane mabanja angati? Tinjira ta mkati tinkagawa bwanji malo? Ukaika manambala a m'mabuku ndi miyeso ya ofukula m'chojambula chimodzi, zosagwirizana zimaonekera poyera.

Chachiwiri, kompyuta imakutsitsa pansi. Pa mapu, msewu wa Zhuque ndi mzere wokongola. Koma ukaima m'menemo pa msinkhu wa munthu woyenda pansi, umaona bwalo lalikulu ladothi, ngalande ndi mitengo m'mbali, kenako makoma a fang opanda sitolo kapena zenera, kutalika makilomita. Apo m'pamene umamvetsa kuti mzindawu unakonzedwa kuti uonetse mphamvu ya mfumu ndi kulamulira anthu, osati kusangalatsa woyenda. Moyo unali kuseri kwa makoma.

Kuchokera apo zithunzi zotere zafalikira. Filimu yofotokoza mbiri ya nyumba ya Daming, yotsogozedwa ndi Jin Tiemu, inatuluka mu 2009 ili ndi zomangidwa pakompyuta zambiri. Malo a Daming anatsegulidwa ngati paki mu 2010, ndipo mu 2014 analowa m'kaundula wa UNESCO pamodzi ndi malo ena a Njira ya Silika. Sewero la pa TV la The Longest Day in Chang'an la mu 2019 linapangitsa anthu ambiri kuganiza kuti mzindawu akuudziwa. Apa m'pofunika kusamala, pakuti filimu imafuna kukongola, ndipo kukongola kumachotsa zinthu zina.

Kumachotsa matope ndi fumbi. Misewu ya Chang'an inalibe miyala, moti mvula ikagwa kwambiri nduna zinkavutika kufika ku nyumba ya mfumu, ndipo kunkathiridwa njira yamchenga yoti akuluakulu azidutsamo. Kumachotsa minda. Song Minqiu analemba kuti zigawo za kummwera kwenikweni zinali ndi anthu ochepa ndipo malo ambiri ankalimidwa, koma mavidiyo amakonda kudzaza mzinda wonse ndi madenga. Kumachotsanso nthawi. Chang'an wa mu 650 analibe nyumba ya Daming yomalizidwa. Asilikali a An Lushan analanda mzindawu mu 756, a ku Tibet analowamo mu 763, ndipo a Huang Chao anaulanda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 880. Mmonke wa ku Japan, Ennin, analemba kuti mu 843 moto unapsereza nyumba zamalonda zoposa 4,000 ku msika wa Kum'mawa. Ndiye tikamati "Chang'an wa Tang", tikunena chaka chiti? Zithunzi zambiri zimasonkhanitsa zabwino za zaka 300 n'kuziika m'mawa umodzi wopanda mitambo, umene sunakhalepo.

Kanyenyezi

Apa tafika pabwalo lathu. Akatswiri a zilankhulo akhala akumanganso zinthu zotayika kwa nthawi yaitali. Tikaona kuti ife timati munthu, Aswahili amati mtu, Azulu ndi Abemba amati umuntu, timatha kubwerera m'mbuyo n'kupeza tsinde limene makolo a zilankhulo za Chibantu ankagwiritsa ntchito, monga anachitira Carl Meinhof ndi Malcolm Guthrie. Koma polilemba timaika kanyenyezi kutsogolo: *-ntu. Kanyenyeziko ndi kuulula kwa katswiri. Kakuti mawu awa palibe amene anawamva kapena kuwapeza olembedwa, tawafikira mwa kufanizira.

Katchulidwe ka Chitchaina cha nthawi ya Sui ndi Tang kanamangidwanso mwa njira yofanana. Mu 601 Lu Fayan anamaliza Qieyun, dikishonale yosanja zilembo motsata mamvekedwe ake. Poti kunalibe afabeti, katchulidwe ka chilembo kankaonetsedwa ndi zilembo zina ziwiri: choyamba chopereka liwu loyambira, chachiwiri chopereka mathero. Katswiri wa ku Sweden, Bernhard Karlgren, pakati pa 1915 ndi 1926 anayerekeza bukuli ndi zilankhulo za lero za ku China komanso mawu amene Ajapani, Akoreya ndi Avietnam anabwereka. Mwachitsanzo, mawu otanthauza dziko ndi guó m'Chimandarini, koma ndi gwok m'Chikantoni, guk m'Chikoreya ndi koku m'Chijapani. Zitatuzi zikusonyeza kuti kale mawuwa ankathera ndi k, amene Chimandarini chinataya. Ndi nzeru yomweyo yobwereka denga ku Nara: chimene chinatayika pakati chinasungidwa m'mphepete. Ndipotu kawerengedwe kena ka zilembo ku Japan, kotchedwa kan-on, kanatengedwa ku katchulidwe ka ku Chang'an komweko.

Karlgren ankakhulupirira kuti Qieyun ikuimira malankhulidwe a ku Chang'an. Akatswiri ambiri a pambuyo pake amati ayi, bukuli linaphatikiza kawerengedwe ka ophunzira a kumpoto ndi a kummwera, ndipo mwina palibe munthu mmodzi amene ankalankhula ndendende choncho. Mwaona kufanana kwake? Chomangidwanso chimatha kukhala cholondola m'zigawo zake zonse, koma chonsecho pamodzi chisanakhalepo tsiku ndi limodzi lomwe.

Kusiyana n'koti chithunzi cha pakompyuta chilibe kanyenyezi. Maziko oyezedwa ndi tepi ndi mtundu wa chitseko woganiziridwa zimawala mofanana. N'chifukwa chake akatswiri analemba London Charter, imene inayamba kukonzedwa mu 2006, yopempha kuti opanga zithunzi zotere azifotokoza magwero awo, zimene anasankha ndi kumene akukayikira. Ena amagwiritsa ntchito mitundu yosiyana posiyanitsa zofukulidwa ndi zoyerekezera. Koma vidiyo imene imafika pa foni yanu nthawi zambiri imafika yokha, mafotokozedwe atatsala m'mbuyo.

Mzinda wosalankhula

Chinthu china chimene chimasowa ndi mawu a anthu. Mavidiyo amaika nyimbo, koma Chang'an anali mzinda wa zilankhulo zambiri. Ku msika wa Kumadzulo kunkamveka Chisogdia, Chiperisiya ndi zilankhulo za Aturuki. M'akachisi, magulu a amonke ankamasulira mabuku kuchokera ku Chisansikiriti, ntchito imene Xuanzang anaitsogolera atabwerako ku India mu 645. Mwala umene Akhristu a mpingo wa Kum'mawa anaimika mu 781, wofotokoza kufika kwa Alopen mu 635, uli ndi Chitchaina ndi Chisiriya pamodzi. Ophunzira a ku Japan ndi ku Silla ankaphunzira kumeneko. Mungathe kumanganso khoma la msika mpaka pa sentimita, koma kanenerero ka wogula ndi wogulitsa, nthabwala, kutukwanizana, ndi Chitchaina chothyokathyoka cha mlendo, zimenezi zinapita. Zimene zinalembedwa zambiri ndi chilankhulo cha ophunzira, monga mmene madenga amene timawadziwa ali a mafumu ndi akachisi.

Vuto limeneli si la ku China kokha. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la a Kalonga, Yusuf Juwayeyi anafukula mbiya, mikanda ndi zidutswa za mbale zochokera ku China za zaka zambiri pambuyo pa Tang. Nyumba zake zinali za mitengo, dothi ndi udzu, ndipo palibe yaima. Tsiku lina wina adzamanganso Mankhamba pakompyuta, ndipo chithunzicho chidzalowa m'mabuku a sukulu. Zidzakhala bwino ngati oonera adzakhale atazolowera kale kufunsa.

Choncho mukadzaonanso Chang'an akuwala pa foni, sangalalani naye, koma mufunse zitatu. Chimene ndikuonachi chinafukulidwa, chinawerengedwa m'buku, kapena chinabwerekedwa kwina? Ndi chaka chiti chimene akundionetsa? Nanga ndani amene sakuoneka? M'lifupi mwa msewu wa Zhuque ndi makomo asanu a Mingde mungawakhulupirire, chifukwa ali m'nthaka. Denga la Hanyuan muliikire kanyenyezi nokha.